Seva sinalakwe, inkangodikira SMS

Nkhani iyi ndakhala ndikufuna kuilemba kuyambira pomwe teremu inatha koma ulesi basi, nde lero poti magetsi alipo komanso bando sinathe ndati ndiikhuthule isanandithawe m'mutu. Ndikulembera makamaka anzanga amene mumapanga ma system a PHP pa laputopu, zonse zikuyenda bwinobwino pa XAMPP (pulogalamu yoyeserera website pa kompyuta yanu), kenako tsiku lokaika pa seva yeniyeni nkuyamba kutuluka thukuta ngati mwasenza thumba la chimanga kupita kuchigayo masana.

Ntchito yake inali ya sukulu ina yapulayiveti kuno ku Lilongwe, dzina tisiye. Ali ndi ka system komwe anawalembera mnyamata wina zaka zambiri zapitazo, mwini wakeyo anapita ku Joni ndipo nambala yake sikugwiranso. Ka system kake kosavuta, makolo amalowa kukaona fizi yomwe yatsala ndi zotsatira za mayeso a mwana, aphunzitsi amaika magiredi, ndipo a bursar akangolowetsa kuti uje walipira kholo limalandira SMS yotsimikiza. Kanali pa shared hosting (seva yogawana ndi ma website a anthu ena), koma eni hosting anawauza kuti PHP yakaleyo akuichotsa, nde ahedi anandiitana kuti achimwene tithandizeni tisamuke. Ndinawatengera ka VPS kotchipa (kaseva kobwereka komwe umadziyendetsera wekha), RAM 1GB, Ubuntu 22.04, nkuikapo Nginx (yolandira alendo a website), PHP-FPM (yoyendetsa code ya PHP) ndi MySQL (database) zonse m'nyumba imodzi. Kotchipa chifukwa ma seva amenewa timalipira m'madola ndipo nonse mukudziwa mmene dola ikusowera, munthu sungangodzuka nkunena kuti ndipatseni ya 8GB.

Mavuto a masiku oyamba ndingowadutsa mwachangu poti ndi aja aliyense amakumana nawo. Nditangokweza mafayilo nkutsegula adiresi, browser m'malo moonetsa tsamba inangodawuniloda index.php yonse ngati nyimbo. Apa mtima unagunda, chifukwa ngati ikupereka index.php chonchi ndiye kuti aliyense akanathanso kutenga config.php momwe muli pasiwedi ya database. Nginx payokha siwerenga PHP, imayenera kuuzidwa kuti fayilo iliyonse yothera .php izipatsira kwa PHP-FPM, ine ndinali ndisanaiuze. Nditaiuza kunabwera 502 Bad Gateway, chifukwa chake chopusa kwambiri: mzere womwe ndinaika unkaloza ku php7.4-fpm.sock pomwe Ubuntu 22.04 imabwera ndi PHP 8.1, socket yake ili pa /run/php/php8.1-fpm.sock. Nginx imagogoda pakhomo la nyumba yomwe anthu anasamuka kalekale.

Kenako tsamba loyera mbee, popanda ngakhale chilembo chimodzi. Mu /var/log/nginx/error.log munalembedwa kuti "Call to undefined function mysql_connect()". Mnyamata uja analemba zonse ndi ma function akale a mysql_ aja, omwe anachotsedwa mu PHP 7.0 mu 2015, nde panalibe kuchitira mwina, masiku atatu ndinakhala ndikusintha query iliyonse kupita ku PDO, njira yatsopano yolankhulira ndi database. Munalinso each() yomwe inachotsedwa mu PHP 8.0 mu 2020. Ndiye kunali kaja kamene kamagwira aliyense wochokera pa Windows, fayilo dzina lake header.php koma mu code analemba Header.php, pa Windows zilibe kanthu koma Linux imati awa ndi anthu awiri osiyana, ndipo ma table a MySQL pa Linux nawonso chimodzimodzi, Students ndi students si chinthu chimodzi. Zithunzi za ana zinkakana kukwera ndi error 413 yoti fayilo yakula, chifukwa Nginx mwachibadwa imalola 1MB yokha, ukakweza apo umakapezanso PHP ili ndi malire ake, 2M pa upload_max_filesize ndi 8M pa post_max_size. Foda ya zithunziyo inkakananso kulembedwa, ndipo ndikudziwa ambiri mumangomenya chmod 777 nkupita kukagona, ine ayi, ndinangoipereka kwa www-data ndi chown basi, 755 inakwana.

Zonsezi zinali zamasewera. Nkhani yeniyeni inachitika Lachisanu lotsekera sukulu.

System inali itayenda pafupifupi miyezi iwiri popanda dandaulo, ine mpaka ndinali nditayamba kudzitama kwa anzanga. Tsikulo cha m'ma 10 koloko sukulu inaponya uthenga pa gulu la WhatsApp la makolo kuti zotsatira zatuluka lowani muone. Sipanathe mphindi 15 foni yanga inayamba kulira. Ndinali mu minibasi ndikuchokera m'tauni, ahedi akuti achimwene chinthu chanu chija chafa, makolo akutiimbira, tsamba likungozungulira kenako likulemba 504. Mawu akuti "chinthu chanu" aja ndinawamva bwinobwino, miyezi iwiri yonseyi chinali chinthu chathu, lero chasanduka changa ndekha kkkk.

Nditafika kunyumba nkulowa mu seva kudzera pa SSH, choyamba ndinathamangira top, lamulo loonetsa zomwe zikudya CPU ndi RAM, ndikuyembekeza kuona CPU ili pa 100. Ayi ndithu. CPU inali phee, pafupifupi yonse ikungokhala, RAM ilipo yokwanira, MySQL sikuchita kalikonse. Seva ili ngati sitolo yopanda kasitomala koma panja anthu ali pamzere mpaka kumsewu. Apa mutu unaima kaye.

Ndinaganizira database, poti ndi yomwe timainamizira nthawi zonse. Ndinapanga EXPLAIN pa query ya magiredi, nkuona kuti ikusanthula table yonse chifukwa panalibe index pa nambala ya mwana, ndinaika index, zoona query inafulumira koma kuchoka pa kachigawo ka sekondi kupita pa kachigawo kakang'ono kwambiri, sizomwe zingapangitse munthu kudikira mphindi yathunthu. OPcache inali yoyaka kale. Nde ndinatsegula /var/log/php8.1-fpm.log, ndipo apa ndinene kaye kanthu kena kamene kanandidyera nthawi: ndinkafunafuna mizere ya 10 koloko osaipeza, kumaona ngati log yasiya kulemba, osadziwa kuti seva ili pa UTC ndipo ife kuno tili patsogolo ndi maola awiri, zomwe ndimafuna zinali pa 8 koloko. Ikani timezone ya Africa/Blantyre tsiku loyamba lomwelo, mudzandithokoza. Pa 8 koloko ya sevayo panali mzere uwu: "server reached pm.max_children setting (5), consider raising it".

Kwa amene simunakumanepo nazo, PHP-FPM imagwira ntchito ngati ma teller a ku banki. Nginx ndi mlonda wapakhomo amene amalandira anthu nkuwalozera kwa teller, ndipo pm.max_children ndi chiwerengero cha ma teller. Pa Ubuntu imabwera ili pa 5. Onse asanu akakhala ndi kasitomala, wachisanu ndi chimodzi amaima pamzere, ndipo Nginx imadikira yankho masekondi 60 okha, akakwana imamuuza munthuyo kuti 504 Gateway Time-out. Asanu si ochepa ngati aliyense akumaliza ntchito yake m'kanthawi kosakwana sekondi, sukulu ya ana mahandiredi angapo ikhoza kuyenda bwinobwino.

Koma ine ndi phuma, foni ikulira, log yomwe ikundiuza kuti kweza, ndinakweza. Kuchoka pa 5 kufika pa 50. Restart. Tsamba linatseguka, ndinawaimbira ahedi kuti zatheka auzeni makolo ayesenso, ndipo ndinapita kukatereka madzi a tiyi ngati munthu wanzeru.

Madzi asanawire foni inaliranso. Ulendo uno si 504, koma uthenga woti database yakana kulumikizana, "Connection refused". Nditaona dmesg, log ya Linux yeniyeniyo, ndinapeza "Out of memory: Killed process" ndipo m'mapeto mwake dzina la mysqld. Ndinali nditapha database ndi manja anga. Process iliyonse ya PHP, ndiye kuti teller aliyense, pa system imeneyi imadya cha m'ma 35MB, kuchulukitsa ndi 50 ndi zoposa 1.7GB, pa seva ya 1GB yopanda ngakhale swap, malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza. RAM ikatha Linux sifunsa, imayang'ana amene wadya zambiri nkumupha, ndipo wonenepa kwambiri m'nyumbamo anali MySQL. Imadzuka yokha, nkuphedwanso, kudzuka, kuphedwanso. Mwayi wake ma table anali a InnoDB, mtundu womwe umadzikonza wokha database ikafa mwadzidzidzi, nde palibe chomwe chinatayika, koma panthawiyo ndinali ndisanadziwe, m'mutu munali magiredi a ana onse a sukulu komanso backup yomwe ndinapanga Lamlungu lapitalo aphunzitsi asanamalize kulowetsa.

Apa mpomwe ahedi ananena mawu omwe bwana aliyense amanena: kodi tikagula seva yaikulu sizitha? Ndinatsala pang'ono kuvomera, chifukwa ndi yankho lophweka ndipo mlandu umachoka pa ine kupita pa ndalama. Koma funso lomwe ndinayenera kudzifunsa poyamba pomwe linali litandifika tsopano: ngati CPU ikungokhala, ma teller 50 onsewa atanganidwa ndi chani? Munthu wotanganidwa amatuluka thukuta. Awa sakutuluka thukuta, ndiye kuti sakugwira ntchito, akudikira chinachake. Seva ya 8GB ikanangondipatsa ma teller 200 odikira chinthu chomwecho.

Ndinabweza chiwerengero pansi, nkuyatsa chinthu chomwe ndimaona kuti anthu ambiri sachidziwa, slowlog ya PHP-FPM. Mu /etc/php/8.1/fpm/pool.d/www.conf mumaika request_slowlog_timeout = 5s ndi slowlog kuloza ku fayilo yomwe mukufuna, ndiye script iliyonse ikapitirira masekondi asanu FPM imalemba mzere weniweni womwe yaima, fayilo yake ndi nambala ya mzere. Sizongoganizira ayi, imachita kukulozera ndi chala. Patangotha mphindi imodzi fayiloyo inadzaza, ndipo munali mayina awiri okha obwerezabwereza, curl_exec() ndi session_start().

curl_exec(), yomwe PHP imaitanira nayo seva ina, inali mu fayilo yotumiza SMS. Ine ndinkadziwa kuti SMS imapita a bursar akalowetsa malipiro basi. Zomwe sindinkadziwa nzoti mnyamata uja anaikanso kuti kholo likatsegula zotsatira koyamba, system izitumiza chidule cha magiredi ku foni yake nthawi yomweyo, tsamba lisanatseguke. Poyesa paja ndinkagwiritsa ntchito akaunti yabodza yopanda nambala ya foni, nde gawo limeneli linkangodumphidwa, miyezi iwiri yonse osaliona. Ndipo tsiku limenelo seva ya kampani yomwe imatitumizira ma SMS inali ikudwala, imalandira kulumikizana koma osayankha. Mu code munalibe CURLOPT_TIMEOUT. Curl ukapanda kuiuza malire imadikira mpaka kalekale, ilibe nthawi yotopa. Teller aliyense anali wagwira foni kukhutu, akudikira munthu wa mbali inayo anene halo.

Mwina wina akuti nanga max_execution_time ija ya masekondi 30 inali kuti? Nanenso ndinadzifunsa. Pa Linux nthawi imeneyi imawerenga pomwe script ikugwiradi ntchito payokha, nthawi yodikira netiweki kapena database siwerengedwa. Script ikhoza kukhala pa curl_exec() mphindi khumi PHP nkumaona ngati yangoyamba kumene. Pa Windows imawerenga nthawi yonse, nchifukwa chake pa XAMPP zinthu ngati izi sizioneka mofanana. Komanso Nginx ikatopa pa masekondi 60 nkupereka 504, script ija siifa nthawi yomweyo, imatsalabe kumbuyo ikudikira, mpando wa teller uli wotsekedwa, pomwe kholo lija lapita kale kukadandaula pa gulu.

Nanga session_start()? Iyi ndi yomwe inandisangalatsa nditaimvetsa, ngakhale tsikulo sindinaseke. PHP imasunga session ya munthu, zomwe zimaikumbutsa kuti walowayu ndi ndani, mu fayilo, ndipo script ikatsegula session imakhoma fayiloyo mpaka itamaliza. Ndiye taganizani kholo lili pa foni, tsamba likuzungulira, lichita chani? Refresh. Pempho lachiwirilo likufika kwa teller wina, likufuna session yomweyo, koma ndi yokhoma chifukwa loyamba lija likadali pa foni ndi a SMS, nde nalonso likhala pansi kudikira. Refresh kachitatu, teller wachitatu. Kholo limodzi losaleza mtima likanatha kutseka ma teller onse asanu palokha, ndipo ife Amalawi pa refresh sitinyengerera, tinazolowera kuti netiweki ikavuta umangodinadina mpaka itheke.

Kukonza kwa tsikulo kunali mzere umodzi. Ndinaika // kutsogolo kwa mzere woitana SMS pa tsamba la zotsatira, restart, basi. Tsamba linayamba kutseguka ngati mphezi, pa seva yomweyo ya 1GB, makolo onse omwe aja akulowa nthawi imodzi, CPU osafika ngakhale theka. Nthawi inali itadutsa 1 koloko. Maola atatu a manyazi chifukwa cha mzere umodzi womwe slowlog ikanandionetsa m'mphindi zisanu ndikanayamba nayo.

Loweruka ndi Lamlungu ndinakhala pansi kukonza zenizeni. Chiwerengero cha ma process ndinachita kuwerengetsa osati kulota: pa 1GB, MySQL ikudya cha m'ma 400MB, Ubuntu ndi Nginx ndazisiyira 150MB, zotsala cha m'ma 450MB kugawa ndi 35 zikupereka 12, nde pm.max_children = 12. Ndinaika swap ya 1GB kuti tsiku lina RAM ikadzathina seva idzangochedwa m'malo mopha munthu. Ndinaika request_terminate_timeout pa masekondi 30, iyi ndi ya FPM ndipo imawerenga nthawi yeniyeni ya pa wotchi, script ikapitirira imadulidwa kaya ikudikira ndani. Curl iliyonse mu system ndinaipatsa CURLOPT_CONNECTTIMEOUT ya masekondi 5 ndi CURLOPT_TIMEOUT ya 10. Masamba omwe amangowerenga session osalembamo kanthu ndinaika session_write_close() pamwamba pomwe kuti loko azichoka msanga.

Koma chachikulu chinali kuchotseratu SMS m'njira ya kholo. Palibe chifukwa choti munthu amene akufuna kuona magiredi a mwana wake adikire seva ya kampani ina yomwe ine sindingailamule. Ndinapanga table ya sms_queue, tsamba limangolembamo nambala ndi uthenga nkupitiriza, ndiye script ina yapadera imadzutsidwa ndi cron, alamu ya Linux yoyendetsa ntchito pa nthawi yake, mphindi iliyonse nkutumiza zomwe zili pamzere. A SMS akadwala mauthenga amangodikira mu table, tsamba osamva kanthu.

Cron nayo ili ndi timisampha take. Script inkayenda bwino ndikaiyendetsa ndekha ndili mu foda yake, koma pa cron zii, chifukwa cron imayambira mu foda ya home ndipo include './config.php' sipeza kanthu kumeneko, mankhwala ake ndi __DIR__. PHP ya pa command line ilinso ndi php.ini yakeyake mu /etc/php/8.1/cli/, zomwe mwasintha mu ya fpm sizifika uko. Izi ndinazigwira Lamlungu lomwelo nkugona mokhutira.

Chomwe sindinachigwire chinaonekera Lolemba. A bursar anaika pamzere mauthenga okumbutsa fizi ya teremu yamawa kwa makolo onse nthawi imodzi. Script yanga inkatenga mauthenga onse osatumizidwa, kutumiza umodziumodzi, nkumalemba kuti watumizidwa pamapeto pake. A SMS anali akadali aulesi, uthenga uliwonse masekondi angapo, nde mphindi inatha script isanamalize, cron inadzutsa ina, yachiwiriyo nkupeza mauthenga omwe aja akuonekabe ngati osatumizidwa, nkuyambanso pachiyambi. Kenako yachitatu. Bambo wina analandira uthenga womwewo wa ngongole ya fizi kasanu ndi kamodzi m'mphindi zochepa, anaimbira ahedi kufunsa ngati sukulu yayamba katapila, akuti ngakhale amene anawakongoza ndalama kumudzi sawakumbutsa chonchi.

Mankhwala ake ndi flock -n kutsogolo kwa lamulo la cron, kuti ngati script yoyamba ikadali m'kati yachiwiri ingobwerera, komanso tsopano uthenga uliwonse umalembedwa kuti watengedwa usanatumizidwe, osati pambuyo, ndipo script imatenga 30 okha paulendo. Ndinayesa dala poika sleep mu code kuti ndione ngati ziwiri zingakumanenso, sizinakumane.

Ma SMS obwereza aja a bursar anawawerenga onse, mayi ameneyo sataya ngakhale tambala, ndipo anadula ndalama yake pa invoice yanga. Sindinatsutse. Ahedi mpaka lero tikakumana amafunsabe kuti achimwene za seva yaikulu zija bwanji, ine ndimangowatsegulira top pa foni nkuwaonetsa CPU ili phee, iwo amagwedeza mutu ngati amva, teremu ikubwerayi adzafunsanso.